Galu Akamakhwekhwereza Matako Pansi: Kasamalidwe ka Timatumba ta Fungo

Galu akakhala pansi, n'kutukula miyendo yakumbuyo, n'kumadzikoka ndi yakutsogolo matako akukhwekhwerezeka padothi, ambiri kuno ku Chipata timangoti njoka za m'mimba zamuvuta. Timagula mapiritsi, galu amamwa, koma pakapita sabata wayambiranso. Nthawi zina zimakhaladi njoka. Koma kawirikawiri vuto limakhala m'timatumba tiwiri tomwe galu aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ali nato m'mbali mwa potulukira chimbudzi.

Timatumbati sitioneka kunja. Tili pansi pa khungu, pakati pa minofu iwiri yomwe imatseka potulukira chimbudzi. Mukayerekeza malowo ndi wotchi yapakhoma, mchira uli pa 12 koloko, kathumba kamodzi kali pa 4 koloko ndipo kena kali pa 8 koloko. Kukula kwake n'ngati nzama kwa galu wamkulu, ngati nyemba kwa kagalu kakang'ono. Kalikonse kali ndi kanjira kopapatiza kotulukira m'mphepete mwenimweni mwa potulukira chimbudzi. M'katimo mumapangidwa madzi onunkha kwambiri, fungo lake longa la nsomba yowola, ndipo ndi fungo lomwelo limene agalu amadziwanirana akamanunkhizana kumbuyo. Galu akachita chimbudzi cholimba bwino, chimbudzicho chimapanikiza timatumbati podutsa, timadontho pang'ono n'kutuluka. Akachita mantha kwambiri amathanso kuwatulutsa mwadzidzidzi.

Ndiye onani pomwe vuto limayambira. Chimbudzi chikakhala chofewa masiku ambiri, palibe chopanikiza. Madziwo amakhalitsa, amauma n'kusanduka phala lolimba, kanjira kaja n'kutsekeka. Kathumba kamatupa ndi kuyabwa. Kakasiyidwa choncho tizilombo timaswana m'katimo, mumachita mafinya, kenako chithupsa chimaphulikira pakhungu pambali pa potulukira chimbudzi. Agalu onenepa, agalu okhala patcheni tsiku lonse osayenda, agalu ovutika ndi khungu loyabwa, ndiponso tiagalu tating'ono ta m'nyumba monga Maltese, Jack Russell ndi Chihuahua ndi omwe amadwala kwambiri. Agalu athu akumudzi oyenda kudimba ndi kutchire sawavuta kawirikawiri, ngakhale nawonso zimawagwera akatsegula m'mimba nthawi yaitali.

Yang'anani kaye musanafinye

Zizindikiro za timatumba todzaza ndi izi: kukhwekhwereza matako, kunyambita kapena kudziluma pansi pa mchira, kutembenuka mwadzidzidzi ngati walumidwa ndi kanthu kumbuyo, kulira kapena kuchedwa pochita chimbudzi, kukana kukhala pansi, ndi fungo la nsomba pamalo pomwe wagona. Koma pali matenda ena omwe amaoneka chimodzimodzi, ndipo kufinya sikuwachiza.

Tukulani mchira masana powala muone bwinobwino. Mukaona tizidutswa toyera tonga mpunga tomatirira paubweya kapena toyenda pachimbudzi chatsopano, zimenezo ndi njoka zam'mimba zazitali zophwatalala, zomwe galu amazitenga akameza nthata. Mankhwala ake ndi praziquantel, 5 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi la galu. Mapiritsi ambiri a agalu amakhala ndi 50 mg, choncho piritsi limodzi ndi la makilogalamu 10. Ivermectin wa ng'ombe yemwe ambiri amabaya agalu sapha njoka zamtunduwu, ndipo albendazole wa mbuzi ndi ng'ombe atha kuwononga magazi a galu. Mukapereka praziquantel iphaninso nthata pagalu ndi pogona pake, apo ayi njokazo zibweranso.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, yang'ananinso timatuza tokhala ndi kabowo pakati. Timeneti ndi mphutsi za ntchentche zoikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo, ndipo zimalowa pakhungu paliponse pomwe galu amagonera, kumatako komwe. Onaninso nkhupakupa, chimbudzi chouma chomatirira paubweya, kapena nyama yofiira yotuluka potulukira chimbudzi. Nyama yotulukayo ndi thumbo, musaifinye ngakhale pang'ono. Iphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowa ndipo thamangirani kwa a vetenale, madokotala a ziweto. Magazi otuluka kumaliseche osati kumatako ndi nkhani ina, nthawi zina chotupa chopatsirana pokwerana, chomwe chimachizika ndi jakisoni wa kwa dokotala wa ziweto.

Ngati zonsezi palibe, valani golovesi mukhudze modekha pa 4 ndi pa 8 koloko. Kathumba kopanda kanthu sikamveka kwenikweni. Kodzaza kamamveka ngati kanjere kolimba pansi pa khungu. Mukapeza kuti mbali imodzi yatupa ngati dzira la nkhunda, yafiira kapena yada, ikutentha, ndipo galu akulira mukangoigunda, ntchito yofinya yatha pomwepo. Chimenecho ndi chithupsa, ndipo mukachipanikiza mutha kuphulitsira kathumbako m'kati mwa mnofu, mafinya n'kufalikira.

Zoti mukonze

Mufunika magolovesi a pulasitiki ofewa a kufamasi, Vaseline kapena mafuta oterera a m'chubu ogwiritsa ntchito kuchipatala, mapepala a kuchimbudzi ambiri kapena nsanza zoti mutaya, beseni la madzi ofunda, sopo wamba, kansalu kotalika mita imodzi kong'amba kuchitenje chakale, ndi munthu wamkulu yemwe galuyo amamudziwa. Ntchitoyi si ya ana. Chitirani panja, pamalo otsukika, mutavala zovala zakale, chifukwa madziwo amatha kufwamphuka patali ndipo fungo lake silichoka msanga pansalu. M'miyezi yotentha ya October ndi November chitani m'mawa kusanatenthe.

Galu womva kuwawa amaluma ngakhale mwini wake. Mangani pakamwa motere: pangani mfundo yomasuka pakati pa kansalu kaja, lowetsani mlomo wa galu m'chizingocho, kokani mfundoyo pamwamba pa mphuno, pingasani nsonga zake pansi pa chibwano, n'kukamanga kuseri kwa makutu. Kansaluko kasakhalitse pakamwa, chifukwa galu amadziziziritsa popuma ndi pakamwa. Galu wamphuno yaifupi, wosanza kapena wopuma movutika musamumange. Ndipo ngati galuyo sanabayidwe katemera wa chiwewe, n'kukhala kuti khalidwe lake lasintha, akutuluka dovu kapena akuluma zinthu mwachisawawa, musamugwire n'komwe, mutsekereni ndipo dziwitsani ofesi ya vetenale ya boma lanu. Wina akalumidwa, atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kafinyidwe ka kunja

Iyi ndiyo njira yomwe mwini galu angayese pakhomo. Galu aimirire. Wothandiza agwade pambali pake, mkono umodzi ukumbatire khosi, wina udutse pansi pa mimba kuti asakhale pansi. Kagalu kakang'ono mukaike patebulo poyala saka kuti kasaterereke.

Choyamba, nyikani nsanza m'madzi ofunda, ofunda moti chigongono chanu chikupirira, muikanikize pansi pa mchira kwa mphindi 5. Kutenthako kumafewetsa zouma zija ndi kumasula minofu. Ambiri amalumpha apa, n'chifukwa chake amafinya mwamphamvu osatulutsa kanthu.

Kenako gwirani mchira patsinde ndi dzanja lamanzere, muutukule molunjika kumwamba osaupinda kumsana mwankhanza. Mukatero potulukira chimbudzi pamatuluka pang'ono ndipo timatumba timabwera pafupi ndi khungu. Ndi dzanja lamanja, ikani pepala lopindapinda kuphimba potulukira chimbudzi, chala chachikulu chikhale pa 8 koloko, cholozera pa 4 koloko. Zalazo zikhale kunja ndi kunsi pang'ono kwa tinjere tija, kuti mutikankhe kuchokera kuseri kwake. Mukaika zala pamwamba pake mutseka kanjira komwe mukufuna kuti madzi atulukire.

Tsopano kanikizani m'kati pang'ono, kenako sendezani zalazo moyandikizana ndi mokwera, kuloza pabowo. Mphamvu yake isapose yomwe mungafinyire tomato wakupsa osamuphulitsa. Gwirani choncho masekondi 3 kapena 4, masulani, yang'anani papepala. Nkhope yanu ikhale pambali, osati kumbuyo kwenikweni kwa galu. Bwerezani kawiri kapena katatu. Ngati palibe chatuluka pambuyo pa maulendo atatu, lekani. Kuumirira kumatupitsa kanjira kaja, mawa n'kukhala kotsekeka kuposa lero. Thowani ndi madzi ofunda kawiri patsiku kwa masiku awiri muyesenso kamodzi, ndipo zikakanika mutengereni kwa a vetenale.

Njira ya kunjayi ili ndi malire ake. Siitulutsa zonse, ndipo kwa galu wonenepa timatumba timabisika m'mafuta moti zala sizitipeza.

Kafinyidwe ka m'kati

Iyi ndi yomwe madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito, ndipo imakhuthula bwino. Musaiyambe nokha mutangowerenga pano. Pemphani dokotala kapena wothandizira wake wa m'dera lanu akuonetseni kamodzi pagalu wanu yemweyo, dzanja lanu lili pomwepo, kuti mudziwe momwe kathumba kodzaza ndi kokhuthuka kamamvekera. Zikhadabo zikhale zowengedwa.

Pakani mafuta ambiri pachala cholozera chovala golovesi. Chilowetseni pang'onopang'ono masentimita 2 kapena 3 okha, kufika pamfundo yoyamba ya chala. Galu akamanga minofu, imani mudikire amasuke. Pindirani chalacho kumbali ya 8 koloko, chala chachikulu chili kunja pakhungu, ndipo mumva kathumba kali pakati pa zala ziwirizo. Yambirani kumapeto kwake kwakutali, mukame modekha kubwera kubowo, monga mokamira mbuzi, pepala lili pomwepo kulandira. Samalani kuti chala cham'katicho chisatseke kanjira. Kakaphwa, tembenuzani dzanja muchite chimodzimodzi pa 4 koloko. Kwa kagalu kosakwana makilogalamu 5, chala cha munthu wamkulu chimakula, choncho asiyireni a vetenale.

Mukamaliza tsukani malowo ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, tsukuluzani, pukutani. Mapepala ndi magolovesi muponye m'chimbudzi chokumba kapena muwotche. Masulani galu pakamwa mumupatse kachakudya komwe amakonda, kuti ulendo wina asadzathawe akaona beseni.

Zomwe zatulukazo zikukuuzani chiyani

Madzi opyapyala ofiirira, achikasu kapena otuwa ndi abwinobwino, ngakhale anunkhe bwanji. Mtundu wake umasiyana galu ndi galu, choncho musadere nkhawa mtundu wokha. Zikatuluka zolimba ngati mankhwala otsukira mano, zotuluka ngati kaulusi, ndiye kuti kathumba kanali katatsekeka, ndipo muyang'anenso pakatha masabata awiri. Mukaona mafinya obiriwira kapena achikasu okhuthala, kapena magazi, m'katimo muli matenda ndipo kufinya kokha sikukwanira. Dokotala amatsuka kathumbako polowetsa kachubu kakang'ono m'kanjira kaja, nthawi zambiri galu atamubaya mankhwala ogonetsa, n'kuthiramo mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa kutupa.

Galu amatha kukhwekhwerezabe tsiku limodzi kapena awiri mutamufinya chifukwa malowo akadali kunyerenyetsa. Zikapitirira masiku atatu, pali china chomwe chatsala.

Tinene mosabisa: galu yemwe sakuonetsa vuto lililonse musamufinye. Pali chizolowezi chofinya galu nthawi iliyonse akasambitsidwa poganiza kuti ndi ukhondo. Kuteroko kumapweteka timatumba tomwe timagwira bwino ntchito tokha, n'kuyambitsa vuto lomwe kunalibe. Galu amene vutoli limamubwerera amafunika kumuona pamasabata 4 mpaka 8 aliwonse, ndipo mufinye pokhapokha mwamva kuti tadzaza.

Chithupsa chikaphulika

Nthawi zambiri mwini galu amadzidzimuka m'mawa kuona kabowo pambali pa potulukira chimbudzi, kakutuluka magazi osakanizika ndi mafinya. Ena amaganiza kuti walumidwa ndi mnzake kapena wabayidwa. Galu amaoneka kuti wapezako bwino chifukwa kupanikizika kwatha, koma balalo lili pamalo odutsa chimbudzi ndipo lifunika dokotala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ngati muli kutali, monga kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi, imbirani wothandizira za ziweto wa m'dera lanu, ndipo podikira chitani izi.

Wiritsani madzi okwana theka la lita, muikemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira, dikirani azizire mpaka akhale ofunda. Metani ubweya wozungulira bala ndi sizasi. Thirani madzi amcherewo pabala ndi sirinji yopanda singano kapena botolo loyera loboola pachitsekero, kawiri kapena katatu patsiku ndiponso galu akangochita chimbudzi. Ngati muli ndi ayodini wa mabala, musungunule m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka. Thowani ndi nsanza yofunda kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti mafinya apitirize kutuluka. Kabowoko kasatsekeke msanga, kayenera kupola kuchokera m'kati.

Musathirepo Jik, Dettol, spiriti, parafini, oilo wakuda wa galimoto kapena dipi ya ng'ombe. Zonsezi zimawotcha mnofu, ndipo galu akanyambita zimatha kumupha pang'onopang'ono kapena msanga. Musamupatse Brufen kapena diclofenac, chifukwa amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu. Panado nayenso musamupatse mwa nokha, chifukwa mlingo ukalakwika amawononga chiwindi. Mankhwala a ululu oyenera agalu alipo, monga meloxicam ndi carprofen, koma mlingo wake apereke dokotala atadziwa kulemera kwa galu. Makapisozi otsala a anthu a m'nyumba nawonso ayi. Dokotala akakupatsani mankhwala opha tizilombo, galu amalize onse ngakhale bala lioneke louma.

Lilime la galu ndi ntchentche ndiwo adani a balali. Kuti asanyambite, tengani kabaketi ka pulasitiki, dulani pansi pake bowo lokwana mutu, kulungani m'mphepete modulamo ndi nsalu kapena tepi, boolani timabowo tinayi mumangirire kukolala yake, kukamwa kwa baketi kuloze kutsogolo kupitirira mphuno pang'ono. Onani kuti akutha kumwa madzi ndi kudya. Mugoneke m'nyumba kapena pakhonde losesedwa, ndipo yang'anani bala m'mawa ndi madzulo ngati mulibe mazira a ntchentche kapena mphutsi. Likasamalidwa bwino limapola pamasabata awiri. Galu akasiya kudya, akafooka, kapena kutupa kukamafalikira kuntchafu, musadikirenso.

Konzani chimbudzi, apo ayi mudzafinya mpaka kale

Apa ndi pomwe pali mankhwala enieni. Chimbudzi chabwino cha galu ndi choumbika, chonyamulika ndi fosholo osasiya phala pansi. Agalu ambiri m'makomboni mwathu, ku Kapata, Mchini kapena Nabvutika, amadya nsima yotsala yothira msuzi, tsiku lina mafupa okhaokha, tsiku lina mkaka wosasa. Chimbudzi chimakhala lero chamadzi, mawa chouma ngati choko. Zonse ziwirizi n'zoipa kutimatumba.

Onjezani zakudya zokhala ndi ulusi (fiber), zomwe zimathandiza chimbudzi kuumbika. Dzungu lophika lopanda mchere, shuga kapena nsinjiro ndi labwino kwambiri: supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pachakudya chilichonse kwa kagalu kakang'ono, supuni zazikulu 2 mpaka 4 kwa galu wamkulu. Maungu akatha, kandolo wophika amagwira ntchito yomweyo, koma pang'ono chifukwa amanenepetsa. Gaga naye amathandiza akaphikidwa pamodzi ndi nsima ya galu. Yambani ndi supuni yaikulu imodzi patsiku kwa galu wamkulu, muone chimbudzi masiku atatu musanawonjezere, chifukwa akachuluka amatsegula m'mimba ndi kudzaza mpweya. Gagayo akhale wouma, wopanda fungo la chuku. Mu 2024 boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno la Zambia atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyu saphedwa ndi kuphika. Chimanga chowola chomwe anthu akana musapatse galu.

Nsima yokha si chakudya chokwanira. Ikanimo kapenta wosathira mchere wambiri, dzira lophika, kapena zam'kati za nkhuku zophika. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi wambiri musamupatse, anyezi amaphwanya magazi a galu. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kukhala ndi nsonga zomwe zimabaya thumbo potuluka. Agalu akuluakulu ambiri mkaka umawatsegula m'mimba. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale kwa masiku 5 mpaka 7. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse, makamaka mukawonjezera ulusi. Mankhwala a njoka apatsidwe miyezi itatu iliyonse.

Pitirizani dzanja m'mbali mwa chifuwa cha galu. Nthiti zizimveka mosavuta popanda kukanikiza, ngakhale zisaoneke ndi maso. Ngati simukuzimva, chepetsani chakudya pang'ono ndipo mumasuleni patcheni ayende mphindi 30 tsiku lililonse, ali pachingwe ngati muli m'tauni. Galu amene amadzikanda makutu, kunyambita mapazi ndi kudwala timatumba nthawi imodzi, kawirikawiri gwero lake ndi khungu losagwirizana ndi chakudya china kapena malovu a nthata, ndipo timatumba sitidzakhazikika mpaka khungulo litachizidwa.

Vuto likamabwerabwera ngakhale mwachita zonsezi, kapena chithupsa chikaphulika kangapo mbali imodzimodzi, timatumbati timatha kuchotsedwa pa opaleshoni, ndipo galu amakhala bwinobwino popanda ito. Koma opaleshoniyi imachitika pafupi ndi minofu ndi mitsempha yogwira chimbudzi, moti ikalakwika galu amatha kumangodziipitsira. Ichitidwe ndi dokotala woizolowera, kutupa kutayamba kwatha. Ofesi ya vetenale ku Chipata ingakuuzeni koyenera kupita, ndipo ku Lusaka kuli chipatala cha ziweto cha sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia.

Kwa galu wokalamba, wa zaka 8 kupita m'tsogolo, chenjerani ndi chotupa cholimba cha mbali imodzi chomwe sichiphwa mukafinya ndipo nthawi zambiri sichiwawa. M'timatumbati mumatha kumera khansa, ndipo chizindikiro chake china ndi kumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, chifukwa chotupacho chimakweza kashiamu m'magazi. Chimbudzi chimathanso kutuluka chophwatalala ngati lamba. Chotupa chotere musachifinyenso kachiwiri. Chikapezeka chikadali chaching'ono chimachotseka, choncho pemphani dokotala kuti azipima malowa ndi chala nthawi iliyonse mukapita ndi galu wokalamba kukabayitsa katemera wa chiwewe.